Kujambula ma orbital pa kompyuta: ChemDraw ikukwana, kapena pakufunika china?

TichaWaMatero

Muli bwanji nonse. Ndikukonza mapepala a ophunzira a chaka choyamba pa mutu wa bonding, ndipo ndikufuna zithunzi za mitundu itatu: ma orbital a atomu monga s, p ndi d, chithunzi cha milingo ya mphamvu ya N2 ndi O2, ndiponso ma orbital anayi a π a butadiene. ChemDraw, pulogalamu yojambulira mamolekyulu, ili pa kompyuta ya ku labu yokha. Kunyumba ndili ndi laputopu ya RAM 4 GB basi.

Zikundivuta ndi izi. Ndikasuntha molekyulu, ma lobe (zigawo zotupa za orbital) amatsalira pomwe anali. Mapepala akapita ku fotokope, mbali yofiira ndi mbali ya buluu zimatuluka mtundu umodzi wotuwa, moti mwana sangasiyanitse bonding ndi antibonding. Komanso chithunzi china cha N2 chochokera mu pulogalamu yowerengera chikuonetsa π pamwamba pa σ, pamene buku likuti σ ndiyo ili pamwamba. Cholondola ndi chiti? Ndithandizeni njira yoti ndizitsata nthawi zonse.

MaiWaLabu_Kalundu

Ba Ticha, choyamba dziwani kuti mwafunsa ntchito ziwiri zosiyana. ChemDraw siwerengera orbital ayi, imangokupatsani tizithunzi topangidwa kale toti muike pomwe mukufuna. Mukaika lobe molakwika, siikuuzani kanthu. Zonse zokhudza phase (chizindikiro cha + kapena − cha lobe), ma node (malo omwe orbital ili ziro) ndi kukula kwa ma lobe zili m'manja mwanu. Pa ntchito ya m'kalasi zimenezi zimakwana bwino, bola muzidziwa manambala musanayambe kujambula.

Yambani ndi kuika Document Settings pa ACS Document 1996, kuti bond iliyonse ikhale 14.4 pt ndipo mizere ikhale 0.6 pt. Jambulani mafupa a molekyulu kaye, ma orbital pambuyo. Pa Orbital tool pali s, lobe imodzi, p, hybrid ndi ma d, ndipo chilichonse chili m'mitundu itatu: choyera, chotuwa ndi chakuda. Ikani cholozera pa atomu penipeni mpaka iwale, ndiye mudine. Pamene mwadina ndi pamene pamakhala node, ndipo komwe mwakokera ndi komwe lobe imaloza. Musajambule orbital iliyonse payokha ndi dzanja, chifukwa sizidzafanana kukula. Jambulani imodzi, muikopere, muziika pa ma atomu enawo. Mukatha, sankhani zonse pamodzi ndi kupanga Object > Group. Apo vuto la ma lobe otsalira latha. Ngati lobe yaphimba bond kapena chilembo cha atomu, gwiritsani Send to Back pa lobe ya pansi ndi Bring to Front pa ya pamwamba, kuti diso lione kuti mafupa a molekyulu ali pakati.

Za fotokope: siyani mitundu. Chofiira ndi buluu zimada mofanana pa makina a black and white, ndiye zimasanduka chinthu chimodzi. Gwiritsani choyera ndi chakuda. Chotuwa chija chimaoneka bwino pa sikirini koma chikadutsa pa makina kawiri chimachita madontho kapena kufufutika. Ndipo musalembe + ndi − mkati mwa ma lobe ngati molekyuluyo ili ndi charge, monga allyl cation, chifukwa ana amaganiza kuti lobe ina ili ndi magetsi a positive. Kuda ndi kuyera kumangotanthauza chizindikiro cha wavefunction, osati charge, ndipo ndi bwino kulemba chiganizo chimenechi pansi pa chithunzi choyamba.

Tsopano butadiene, pomwe ambiri amalakwitsa pojambula ma lobe onse ofanana. Njira ya Hückel imapereka manambala awiri okha, 0.37 ndi 0.60. Kuyambira C1 mpaka C4:

ψ1 ndi +0.37, +0.60, +0.60, +0.37
ψ2, yomwe ndi HOMO (orbital yapamwamba kwambiri mwa zodzaza), ndi +0.60, +0.37, −0.37, −0.60
ψ3, yomwe ndi LUMO (orbital yapansi kwambiri mwa zopanda elekitironi), ndi +0.60, −0.37, −0.37, +0.60
ψ4 ndi +0.37, −0.60, +0.60, −0.37

Mukagawa 0.37 ndi 0.60 mumapeza 0.62. Choncho jambulani p yaikulu imodzi, muikopere, kopeyo muichepetse ndi Object > Scale kufika pa 62%. Zidutswa ziwirizi ndizo mumangira zithunzi zonse zinayi. Pomwe pali −, tembenuzani orbital ndi madigiri 180 kuti yakuda ipite pansi. Ma node muwaonetse ndi mzere wa madontho woimirira: ψ1 ilibe, ψ2 ili ndi umodzi pakati pa C2 ndi C3, ψ3 ili ndi iwiri, pakati pa C1 ndi C2 komanso pakati pa C3 ndi C4, ψ4 ili ndi itatu. Node ya plane ya molekyulu ili m'ma orbital onse a π ndipo sitimaiwerengera pamenepa. Kukula kwa ma lobe sikukongoletsa chabe: HOMO ndi LUMO zili zazikulu kumapeto, ndipo ndi chimenecho mwana adzagwiritse akafika pa reaction ya Diels-Alder.

Milingo yake muiike motalikirana molondola (α ndi β ndi manambala a mphamvu a njira ya Hückel): α + 1.618β, α + 0.618β, α − 0.618β, α − 1.618β. Poti β ndi nambala ya negative, woyambawo ndiwo uli pansi kwambiri. Mpata wa HOMO ndi LUMO ndi 1.236 pamene mipata inayo ndi 1.000, ndiye wapakatiwo uoneke wokulirapo pang'ono.

Mukadzafika pa allyl, kumbukirani kuti ψ2 ndi +0.71, 0, −0.71. Pa kaboni wapakati musaike lobe ngakhale yaing'ono, node imadutsa pa atomu penipeni.

Kunyumba mungagwiritse ChemSketch ya ACD/Labs, yomwe ili ndi mtundu waulere wa Windows. Ma orbital ake ali mu Template Window. Potumiza ku Word, sungani ngati EMF, SVG kapena PDF kuti mizere isasweke mukakulitsa. Ngati ndi PNG basi, isachepere 600 dpi.

DFT_Kabulonga

Amai afotokoza bwino za kujambula ndi dzanja. Ine ndiyankhe za N2 ndi za momwe mungapezere ma orbital enieni owerengedwa, chifukwa laputopu ya 4 GB imakwana pa mamolekyulu ang'ono ngati awa. N2 kapena madzi zimatha m'masekondi, butadiene m'mphindi zochepa, moti ngakhale malaiti atapita batire ikhoza kumaliza ntchitoyo.

Buku likulondola. Pa photoelectron spectrum ya N2, elekitironi yosavuta kuchotsa imachokera mu 3σg pa 15.6 eV, ndipo ya 1πu imafuna pafupifupi 17 eV. Choncho σ ili pamwamba. Chifukwa chake ndi kusakanikirana kwa s ndi p. Mu nayitirojeni, 2s ili cha pa −25.6 eV ndipo 2p cha pa −13.2 eV, mpata wa 12.4 eV, wochepa mokwanira kuti ma σ awiri a symmetry imodzi akankhane, wina pansi wina mmwamba. Mu okosijeni 2s ili pa −32.4 eV ndipo 2p pa −15.9 eV, mpata wafika 16.5 eV, kukankhanako kwachepa, ndiye σ imakhala pansi pa π. Kuchokera pa Li2 kufika pa N2 jambulani π pansi, pa O2 ndi F2 jambulani σ pansi.

Chithunzi chomwe mwaonacho mwina chinawerengedwa ndi Hartree-Fock. Ndi vuto lodziwika kale kuti Hartree-Fock yokhala ndi basis (gulu la ma function omangira ma orbital) yabwino imaika 1πu pamwamba pa 3σg mu N2, mosemphana ndi zoyeza, chifukwa siiwerengera correlation ndi kusintha kwa ma orbital elekitironi ikachoka. Pulogalamuyo sinawonongeke, njirayo ndiyo ili ndi malire pamenepa. Mukagwiritsa njira ya DFT (density functional theory) monga B3LYP, σ imabwerera pamwamba.

Zida zaulere ndi izi: Avogadro yomangira molekyulu, ORCA yowerengera, yomwe ndi yaulere kwa a sukulu mukalembetsa, ndi Jmol kapena Avogadro yomweyo yoonera. ORCA ndi fayilo yaikulu, itengereni pa Wi-Fi osati pa bundle. Fayilo yolowetsa ya N2 ndi iyi yokha:

! B3LYP def2-SVP Opt
* xyz 0 1
N 0.0 0.0 0.0
N 0.0 0.0 1.10
*

Nambala yoyamba pambuyo pa xyz ndi charge, yachiwiri ndi multiplicity (chiwerengero cha ma elekitironi opanda mnzake kuphatikiza 1). Pa O2 lembani 0 3 ndi mtunda wa 1.21 Å. Mukalemba 0 1 pulogalamuyo imawerengera osadandaula, koma imakakamiza ma elekitironi awiri a π* kukhala mu orbital imodzi, ndipo mumapeza chithunzi chosemphana ndi phunziro lenilenilo, loti O2 ili ndi ma elekitironi awiri opanda mnzake ndipo imakokedwa ndi maginito. Pa multiplicity 3 mudzapeza mindandanda iwiri, alpha ya ma elekitironi 9 ndi beta ya 7, ndipo dongosolo la σ ndi π likhoza kusiyana pakati pa iwiriyo. Musatengere manambala amenewo pa chithunzi cha milingo cha chaka choyamba. Tengani maonekedwe a ma orbital okha, milingo mujambule monga mwa buku.

Kuwerengera kukatha pamakhala fayilo ya .gbw. Lembani orca_plot dzina.gbw -i, ndipo pamatuluka mndandanda wa zosankha: nambala ya orbital, alpha kapena beta, kuchuluka kwa grid, ndi mtundu wa fayilo yotuluka, pomwe musankhe Gaussian cube. Apa pali misampha ingapo.

ORCA imawerenga ma orbital kuyambira pa 0, osati pa 1. N2 ili ndi ma elekitironi 14, ma orbital odzaza 7, ndiye HOMO ndi nambala 6 ndipo π* ziwiri ndi 7 ndi 8. Butadiene ili ndi ma elekitironi 30, HOMO ndi 14, LUMO ndi 15. Mu Gaussian, pulogalamu ina yowerengera, HOMO yomweyo ndi 15. Anthu ambiri amaika LUMO pa pepala n'kulemba HOMO chifukwa cha ichi chokha. Komanso musaganize kuti ψ1 ya butadiene ili pansi penipeni pa HOMO, kapena kuti ψ4 ikutsatira LUMO. Ma σ ndi ma σ* amatha kulowa pakati. Tsegulani ma orbital angapo oyandikana, musankhe omwe ali ndi node pa plane ya molekyulu.

Grid yoyambira ya orca_plot ndi 40 mbali iliyonse, ndipo orbital imatuluka yamakonamakona. Ikani 80. Zimenezo ndi mfundo 512,000, fayilo ya pafupifupi 7 MB. Pa 100 ndi mfundo 1,000,000, pafupifupi 13 MB, ndipo pa pepala kusiyana kwake sikuoneka.

Chachikulu kuposa zonse ndi isovalue. Orbital ilibe khungu, imangocheperachepera mukamatalikira. Chomwe mumaona ndi malo onse omwe wavefunction ili ndi mtengo womwe mwasankha. Pa 0.02, yomwe GaussView, pulogalamu yoonera ya Gaussian, imayambira, ma lobe amafufuma n'kulumikizana, ndipo mafupa a molekyulu amabisika. Pa 0.05 amaonda ndipo ma node amaoneka bwino. Mukapitirira 0.1 ma lobe ang'ono amasowa, mwana n'kuganiza kuti atomuyo ilibe gawo. Pa mapepala a kalasi 0.04 kapena 0.05 ndi yabwino. Sankhani imodzi, muigwiritse pa zithunzi zonse za tsamba limenelo, ndipo mulembe pansi njira, basis ndi isovalue. Kuyerekeza HOMO ya pa 0.02 ndi LUMO ya pa 0.06 ndi kunamiza maso a ana.

Zina ziwiri zomwe zimasokoneza koma si zolakwika. Mukawerengeranso, mitundu yonse ikhoza kusinthana, yakuda kukhala yoyera. Kuchulukitsa orbital yonse ndi −1 sikusintha kanthu, chofunika ndi ubale wa lobe ina kwa inzake. Ndipo ma orbital a mphamvu yofanana, monga π ziwiri za N2 kapena HOMO ziwiri za benzene, akhoza kutuluka opendekeka chifukwa kusakaniza kulikonse kwa awiriwo ndi yankho lovomerezeka. Kuika molekyulu motsata z, monga m'fayilo ili pamwambapa, kumathandiza, koma ngati atulukabe opendekeka ingotembenuzani chithunzicho.

Pewani basis yokhala ndi diffuse functions, monga aug-cc-pVTZ, ngati cholinga ndi chithunzi. LUMO imatha kutuluka ngati mtambo waukulu kunja kwa molekyulu, wosafanana ndi π* ya m'buku. def2-SVP ndi yokwana.

Chelstone_Chem

Ba DFT, njira yanu ndi yolondola, koma pa ma orbital a atomu Ba Ticha safunika ORCA konse. Jmol imajambula yokha ma orbital a hayidirojeni. Ikani Java, tsegulani console, mulembe isosurface phase atomicOrbital 3 2 0, ndipo 3dz² ituluka. Manambala atatuwo ndi ma quantum number n, l ndi m. Lembani background white musanasunge, kuti inki isathere pa mbuyo yakuda. Kuti muone mkati mwa 2s kapena 3s lembani slab on kenako slab 50, chifukwa kunja ma s onse amaoneka mpira umodzimodzi. Tsamba la Orbitron la Mark Winter wa ku University of Sheffield ndi labwino poyerekezera ngati zanu zatuluka bwino.

Chithunzi chilichonse, cha dzanja kapena cha kompyuta, chiyeseni ndi lamulo la ma node: onse pamodzi ndi n − 1, a angular ndi l, a radial ndi n − l − 1. Ndiye 2p ili ndi angular imodzi yopanda radial, pamene 3p ili ndi angular imodzi ndi radial imodzi. Kukulitsa 2p ya mu ChemDraw n'kulemba 3p ndi kulakwa, chifukwa mkati mwa lobe iliyonse muyenera kukhala kalobe kakang'ono ka phase yotsutsa. Mu hayidirojeni node ya 2s ili pa 2a0 (a0 ndi Bohr radius), pafupifupi 1.06 Å, ya 3p ili pa 6a0, ndipo za 3s zili pa 1.9a0 ndi 7.1a0.

Pa ma d, ma lobe oyang'anizana amakhala a phase imodzi, mosiyana ndi p. dxy ndi dx²−y² ndi chithunzi chimodzi chotembenuzidwa madigiri 45, ndiye popanda mizere ya x ndi y yolembedwa palibe angadziwe kuti ndi iti: ya xy ili pakati pa mizere, inayo ili pa mizere penipeni. Pa dz², ma lobe awiri a pa z ndi a mtundu umodzi, mkombero wapakati ndi wa mtundu winawo, ndipo ma node ake ndi ma cone awiri a madigiri 54.7 kuchokera pa z. Pa sp³ musaiwale kalobe ka kumbuyo, nako ka phase yotsutsa.

Za chithunzi cha milingo, sindingalangize ChemDraw pokhapokha mutayatsa grid, chifukwa timizere timapendekeka. Inkscape ndi yaulere ndipo ili ndi Align and Distribute. Kwa olemba ndi LaTeX pali phukusi la modiagram, koma kutalika kwa σ ndi π mumaika nokha, ndiye N2 muiyang'anire. Antibonding izikwera kwambiri kuposa momwe bonding yatsikira. Pa CO milingo ya okosijeni ikhale pansi pa ya kaboni, 2p pa −15.9 eV kuyerekeza ndi −10.7 eV, ndipo lobe yaikulu ya HOMO ikhale pa kaboni, popeza ndi mbali imeneyo yomwe CO imagwirira chitsulo.

TichaWaMatero

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa madzi ndi ORCA ndipo zatuluka, koma sindikupeza ma lone pair awiri ofanana aja timajambula ngati makutu a kalulu. Nambala 4 ndi p yokha yopingasa molekyulu, nambala 3 ili mu plane. Kodi ndalakwitsa penapake, Ba DFT?

DFT_Kabulonga

Simunalakwitse, Ba Ticha. Madzi ali ndi ma elekitironi 10, ma orbital odzaza 0 mpaka 4: 1a1, 2a1, 1b2, 3a1 ndi 1b1. Nambala 4 ndi 1b1, yomwe ndi 2p ya okosijeni pafupifupi yokhayokha, yoimirira pa plane ya molekyulu. Nambala 3 ndi 3a1, yomwe ili mu plane, lobe yake yaikulu ikuloza kumbali yopanda mahayidirojeni, ndipo ili ndi kagawo ka bonding. Ma orbital omwe pulogalamu imatulutsa poyamba amatchedwa canonical, ndipo amayenera kutsata symmetry ya molekyulu, yomwe pa madzi ndi C2v. Khutu limodzi la kalulu palokha silitsata symmetry imeneyo, ndiye silingatuluke pa mndandandawo. Photoelectron spectrum nayo imaonetsa milingo iwiri yosiyana, 12.6 eV ya 1b1 ndi pafupifupi 14.7 eV ya 3a1.

Makutu a kalulu si bodza ayi. Mumawapeza posakaniza ma orbital odzaza okhaokha, ndipo kusakaniza kotero sikusintha density yonse ya ma elekitironi kapena mphamvu yonse ya molekyulu. Mu ORCA zimachitika ndi block ya %loc, momwe mumasankha njira ndi ma orbital oti asakanizidwe. Pa madzi oti asakanizidwe ndi 1 mpaka 4, musiye 0 chifukwa ndi 1s ya mkati. Njira ya Foster-Boys ndiyo imapereka ma O–H awiri ndi ma lone pair awiri ofanana. Njira za Pipek-Mezey ndi IBO (intrinsic bond orbitals) zimasunga σ ndi π padera, ndiye zimakupatsani lone pair imodzi ya mu plane ndi ina ya p, ndipo pa ethene zimapereka σ ndi π pamene Foster-Boys imapereka ma bond awiri opindika ngati nthochi. Zotulukazo zimasungidwa mu fayilo ya .loc, yomwe mumaipereka kwa orca_plot monga munachitira ndi .gbw.

Chomwe musachite ndi kuika ma orbital osakanizidwawa, otchedwa localized, pa chithunzi cha milingo ya mphamvu, chifukwa alibe mphamvu yawoyawo yomwe ingayerekezedwe ndi spectrum. Pa tsamba la VSEPR (mawonekedwe a molekyulu) ndi hydrogen bonding ikani makutu a kalulu. Pa tsamba la MO (molecular orbitals) ikani 3a1 ndi 1b1, ndipo pansi pa chilichonse mulembe ngati ndi canonical kapena localized. Ngati tsambalo lili ndi malo, ikani zithunzi zonse ziwiri moyandikana, pa isovalue imodzi ya 0.05, molekyulu itayang'ana mbali imodzi, mahayidirojeni ali pansi.